Atelala Akana Kudyera Kuchipinda

Mbale ya Atelala inachotsedwa patebulo banja lonse likuona. Mwana wawo wamkazi, mphunzitsi wozolowera kumveredwa, anainyamula n'kulunjika nayo kuchipinda.

"Bweza mbale yangayo!" anakuwa mkuluyo.

Makutu a Atelala anali atayamba kugontha ndi ukalamba, ndiye kuchipatala anawapatsa kachipangizo kothandiza kumva, kakang'ono ngati batani la jekete. Kushopu yawo yosokera zovala ankakavala tsiku lonse, n'kumaseka chikhakhali ndi makasitomala. Koma akangokhala patebulo la kunyumba, ankakazula n'kukaponya m'thumba la malaya, momwe munkakhala choko ndi tepi.

"Bambo, ndatopa!" anafuula mwanayo atawayandikira kukhutu. "Anthu akunja mumawamvera, ife mumatitsekera makutu. Tikakuyankhulani mumangoti duu. Ngati simutifuna, muzikadyera kuchipinda."

"Patebulo pano ndinkakudyetsa ndi dzanja langali. Sindisuntha!"

Palibe anadabwa, poti mkuluyo anali wamakani chibadwire. TV inkangobangula, zidzukulu ziwiri zinkalimbirana rimoti, mkamwini ankakalipira munthu pafoni.

Atelala anatulutsa kachipangizo kaja n'kukapukuta bwinobwino ndi mpango.

"Khalani pansi, aphunzitsi. Lero muphunzira ndinu."

Mwanayo anakhala monyinyirika, iwo n'kumuveka kukhutu. Nthawi yomweyo anadzidzimuka. TV inamulowa mpaka muubongo. Supuni ikagunda mbale inkamveka ngati hamala. Kukhwekhwereza kwa mpando, foni, kulongolola kwa ana, zonse zinabwera pamodzi, popanda chachikulu kapena chaching'ono. Anaona milomo ya bambo ake ikugwedera pafupi pomwepo, koma sanatolepo liwu ndi limodzi lomwe. Mphindi isanathe anakazula, mutu ukuwawa.

"Watha kale?" anafunsa Atelala. "Ine ndinapirira miyezi itatu. Kushopu munthu amandiyang'ana, amayankhula yekha, makina ndimaimitsa. Muno mumayankhulira pamodzi ngati pamsika, wina ali kukhitchini, wina wandipatsa nkhongo. Kenako wamwano ndine?"

Mwanayo anagwidwa manyazi oopsa. Anadzuka, analanda rimoti n'kuzimitsa TV. Anayang'ana mwamuna wake mpaka foni inalowa m'thumba. M'nyumba munangoti zii.

Atelala anavala kachipangizo kawo mosapupuluma.

"Munkati chiyani muja, bambo?" anafunsa mwanayo, ulendo uno mosafuula, akuwayang'ana kumaso.

"Ndimati ndakusowani. Chaka chathunthu ndikudya nanu, koma sindikudziwa ngakhale kalasi imene ana awa alimo."

Mwanayo anatenga mbale ija n'kuibweza pamalo pake, misozi ikulengeza. Atelala anaikokera pafupi, anaigwira ndi manja awiri ngati wina ailandanso, n'kuloza mdzukulu wamkulu ndi supuni.

"Mmodzimmodzi tsopano. Yamba iwe. Ndipo undiyang'ane."