Mafumu Atatu a M'linga la Mkanthama

M'masiku a nkhondo za zikopa, anthu a ku Ntanda ankalamulidwa ndi Mkanthama, mkulu wa ankhondo. Mfumu yawo itaphedwa, iye anawakweza kuphiri nawamangira linga. M'lingamo munalibe bwalo la milandu. Mkanthama akalankhula, anthu ankaomba m'manja, basi. Ana anabadwa mpaka kumera ndevu osaonapo munthu akutsutsa.

Nkhondo zinatha Mkanthama atakalamba. Mvula inali pafupi, nkhokwe zinalibe kanthu, ndipo minda ya kuchigwa inkadikira mfumu yoigawa. Iye anasonkhanitsa anthu onse.

"Mutu umodzi susenza denga," anatero. "Mkondo ndautula. Ana a mlongo wa mfumu yathu ija alipo atatu, sankhani. Kodi Gwirize akhale mfumu?"

Anthu anaomba m'manja.

"Nanga Katondo?"

Anaombanso. Atatchula Chimphonda, anaomba koposa, poti manja anali atatentha.

Anabalalika aliyense ali ndi mfumu yakeyake. Atatu aja anatsikira kuchigwa, aliyense nayamba kugawa minda yomweyo. Dimba limodzi linapatsidwa mabanja atatu. Ankhondo anasowa womulondera, ndipo ena anabwerera kwa Mkanthama kukamupempha kuti atolenso mkondo. Mvula yoyamba inagwa mbewu zisanatuluke m'nyumba.

Pamsonkhano wachiwiri, umene unachitikira kuchigwa, panaimirira Nankhoma, mayi woumba mbiya, dongo likadali m'mikono.

"A Mkanthama, inu mumafunsa ngati mukulamula, ife tikuyankha ngati tikuthawa. Nthaka ikuuma tili pano. Ine Gwirize sindimufuna. Chaka cha njala anadya mbewu za mbumba yake."

Anthu anaomba m'manja. Gwirize nayenso anaomba.

"Manjawo akhalireni," anatero Nankhoma. "Pakamwa munasiya kuphiri?"

Kenaka mlamu wake wa Gwirize anati mbewuzo zinali zofumbwa. Wina anati Chimphonda amagona pamlandu. Wina anati Katondo ndi waukali, koma akapereka chinthu salanda. Anakangana mpaka mawu anasasa, ena osadziwa ngati uko kunali kusankha kapena kuyambana. Potsiriza ambiri anakaima kumbuyo kwa Katondo, ndipo ankhondo, ataona kumene kwaima amayi awo, anapita komweko.

Anabzala mochedwa, nakolola pang'ono, koma linga silinamangidwenso.

Adzukulu awo mpaka lero salonga mfumu imene palibe waikana pabwalo. Amati yoteroyo sanaisankhe, angoiopa.