Mkanjo umene a Bester sanavale

Linali Lachitatu la mu Disembala, nyengo imene ku London mdima umagwa anthu asanaweruke. Petronella anatsika basi pa Woolwich, nakwera masitepe mpaka nsanjika yachisanu, poti chikepe chinali chitafa kuyambira Lolemba. Anali mayi wa ku Chipata, wogwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Madzulo alionse amamalizira kwa a Bester, nkhalamba ya ku Dedza imene inathawa kwawo ili mnyamata chifukwa cha ndale. Sitiroko inawapha miyendo ndi dzanja limodzi, koma mutu unali bwinobwino.

Anawapeza pampando wawo wa matayala, atafumbata kaseti yakale ya vidiyo. Mwana wawo Adrian anaitola pamsika, ataona dzina la bambo ake pachikuto, ndipo anabweretsa ndi makina ake omwe.

"Mayi, tandiikirani iyi," anatero a Bester.

"Kansi munali wa mafilimu, atate? Simunaniuzeko."

"Imodzi yokha. Mu 1981. Ankafuna munthu wamtali woti asaoneke nkhope."

Petronella anavula jasi, nalikoloweka pachitseko cha panja, foni ili m'thumba mwake. Anaika kaseti ija, nayamba kuwerenga mapiritsi a madzulo.

Filimuyo inali ya anthu osauka. Zithunzi zinali mbuu, magazi ngati supu ya matimati, ndipo pena chingwe cha magetsi chinkaonekera pakona. Nkhani yake inali ya wansembe wa mkanjo wakuda, nkhope yokutidwa ndi nsalu yofiirira, amene ankapha atsikana a kwaya mmodzimmodzi m'tchalitchi. Asanabaye munthu ankagogoda katatu ndi chigwiriro cha mpeni. Petronella, Mkatolika wa Misa yoyamba, anachita chizindikiro cha mtanda, koma anasekanso.

"Ndiye ndimwe aba? Muyenda monga muli na chimfine."

"Ndine," anatero a Bester osaseka. "Apanso ndine."

Kenaka panabwera mtsikana wakuda, wovala zoyera, kolona ili m'manja. Analowa m'kachipinda kolapira, nagwada. A Bester anagwira dzanja la Petronella. Zala zawo zinali zozizira.

"Uyo ndi Winfrida. Wa ku Zomba. Ankaphunzira unamwino. Ndine ndinamuuza za ntchitoyi."

Wansembe anatulukira kuseri kwa guwa. Sankayendanso mopepera. Ankabwera pang'onopang'ono, mapewa osagwedezeka, ngati munthu wodziwa kuti palibe kothawira. Anagogoda katatu.

"Uyo si ine," anatero a Bester.

Petronella anawayang'ana.

"Tsiku limenelo ndinagona ndi malungo. Sindinatuluke m'nyumba. M'mawa mwake ndikupita kukapepesa, onse akundiyamikira, ati dzulo wachita bwino zedi."

Pakanema Winfrida anakuwa. Atsikana enawo ankakuwa m'Chingerezi, moonekeratu kuti akusewera. Uyu anaitana mayi ake m'Chichewa. Mawu ake anaduka pakati, ndipo kamera inakhala pamenepo nthawi yaitali, pa phazi limodzi lotuluka pansi pa katani.

"Sanaonekenso," anatero a Bester. "Kusukulu anati mwina anabwerera kwawo. Kwawo ankalemba makalata kufunsa kuno. Ine mapepala anga okhalira m'dziko muno anali asanatuluke. Ndikanapita kupolisi, akanati wovala mkanjo ndani? Dzina langa ndi limene lili pachikuto. Ndinangokhala chete. Kuyambira pamenepo sindinalandirepo Ukaristia."

Petronella anadzuka, nazimitsa makina. M'nyumba munangoti zii. Pansi pamsewu basi inadutsa.

Chitseko chinagogodedwa katatu. Sikunali kugogoda kwa chala. Chinali chinthu cholimba.

"Ni Adrian?" ananong'ona Petronella.

"Adrian ali ndi kiyi."

Petronella anayenda monyang'ama mpaka m'kakhonde. Pagalasi losaonekera bwino la chitseko panali chithunzi cha munthu wamtali, wakuda kuchokera pamwamba mpaka pansi. Pamene pakanakhala nkhope panali pofiirira. Jasi la Petronella linali lopachikika pomwepo, mkono umodzi kuchokera pagalasi. Anatambasula dzanja. Kachitseko koponyera makalata kanatseguka kokha, nikakhala chotsegula. Munalowa mphepo yozizira, ndi fungo la lubani wakale.

Dzanja lake linabwerera lokha. Foni inatsala m'jasi.

Anathamangira kuzenera la pabalaza. Linkatseguka pang'ono chabe, malo a dzanja limodzi. Pansi anthu ankayenda ndi zikwama za mumsika, tiana ta sukulu tikukankhana.  Petronella anayang'ana a Bester. Kuwanyamula sakanatha, ndipo ngakhale akanatha, khomo linali limodzi lomwelo.

Kunagogodedwanso katatu.

"Ndikankhireni kuchitseko," anatero a Bester.

"Atate, iyayi."

"Mayi, chonde. Zaka makumi anayi ndakhala ndikumudikira."

Petronella anakana ndi mutu, koma nkhalamba inayamba kudzikoka yokha ndi dzanja limodzi lamoyo, mpando ukuzungulira malo amodzi. Zinamumvetsa chisoni. Anagwira zogwirira, nawakankha mpaka nkhope yawo inayandikira kabowo ka makalata kaja. Iye anagwada kumbuyo kwa mpando, natseka maso, nayamba Tikuoneni Maria. Ankafika pakati n'kuiwala, n'kuyambiranso.

A Bester analapa. Ananena zonse, ndi zimene sanamuuze Petronella poyamba: kuti Winfrida ankaopa, anafuna kusiya, ndipo iwo anamunyengerera, ndiponso kuti mayi ake a mtsikanayo anawalembera kalata kawiri, iwo osayankha. Analira ngati mwana. Atamaliza anadikira mawu a chikhululukiro.

Kunja kunali kupuma kokha, kwapang'onopang'ono.

"Bambo, ndamaliza," anatero a Bester. "Ndikhululukireni."

 Patapita nthawi, mawu otsika, a munthu wamwamuna, anafunsa m'Chichewa chosalala:

"Wina amene wamva ndani?"

A Bester sanatembenuke. Petronella anadzitseka pakamwa ndi manja onse awiri. Kachitseko ka makalata kanagwa, kuti phaa. Pagalasi panayera. Sanamve mapazi akutsika masitepe.

Anakhala choncho mpaka Adrian atafika cha m'ma eyiti. Apolisi anabwera, nayendera nsanjika zonse, osapeza munthu. Anafuna kuona kaseti ija, koma makina anali ataitafuna, tepi yonse itapotana m'kati. Adrian anati bambo ake atopa, ndipo filimu yawasokoneza. A Bester sanatsutse. Kuyambira tsiku limenelo sanayankhulenso ndi munthu, ndipo anamwalira Khrisimasi isanafike.

Pamwambo wa maliro ku Tottenham, anthu ankanong'onezana. Ena ankati ndi mzimu wa mtsikana uja unatuma mthenga. Ena ankati wakuphayo akadali moyo, wakalamba ngati a Bester, ndipo anamva kuti kaseti yapezeka. 

Petronella akutuluka m'tchalitchi, anamugwira pamkono Brenda, mayi wa ku Lusaka wokhala nsanjika yachiwiri m'nyumba yosanja momwe ankakhala a Bester.

"Sisi, banakupezani ba Father baja?"

"Ati?"

"Batali, ba mkanjo. Ninakumana nabo pa masitepe pa Sande, kumdima, nkhope sininaione bwino. Benze kufunsa mukazi wamene enze kusamalira ba Bester, ati ali na mawu yake." Brenda anamwetulira. "Ninabauza kuti munkhala ku Greenwich, pafupi na sitesheni. Nachita bwino, ai?"