Nambala ya Foni pa Dzina la Amalume

M'nyumba mwathu sitinkadya tisanapemphere, ndipo mwana wanga wamkazi ndiye ankatsogolera pemphero. Anali mwana wotsuka mbale asanauzidwe. Chaka chimene anamaliza sekondale, matalala anaphwanya mbewu zitangofika m'mawondo. Boma linalonjeza ndalama zoti alimi abzalenso, ndipo ofesi ya zaulimi inamutenga kuti azilemba mayina.

Ndalamazo zinkabwera pafoni. Okalamba ambiri analibe foni.

"Mwanawe, pepala limenelo ndi mimba za anthu," ndinatero ndikumusitira bulauzi. "Uzilemba zimene waona."

"Amayi, ulaliki m'mawa muno?" anaseka.

Zotsatirazi anandiuza yekha, madzi atafika kale m'khosi. Mu ofesimo munali tebulo lochirikizidwa ndi njerwa, ndi mlembi wamkulu amene ankamutcha Shasha.

Tsiku lina Shashayo anamuuza kuti, "Iwe, pa dzina la nkhalamba yopanda foni, mpata wa nambala ukuusiya mbee? Ikapo yako. Ndalama zikabwera ukaipatsa."

"Zonse?"

"Uthengawo iyo iwuona? Mbuzi imadya pomwe aimangirira."

Mwana wanga anayamba ndi mayina awiri a anthu akutali. Kunabwera nsapato, kenako wigi. Nditafunsa anati, "Ndi alawansi, amayi," maso ali kumbali. Ndinamuchenjezanso, koma anangomenyetsa chitseko. Posakhalitsa anafika pa dzina la amalume ake, mlongo wanga wamkulu, wa diso limodzi.

Lolemba lililonse mkuluyo ankakhala pabenchi la ofesi, chipewa chili pamawondo. Mlonda wa pageti ankamutungira madzi m'kapu yakeyake.

"Mphwanga, dzina langa latuluka?"

"Silinatuluke, amalume. Boma limachedwa."

"Chabwino. Usadandaule, si mlandu wako." Ndipo ankamusiyira mazira awiri okulunga m'kampango.

Mvula inatha asanabzale. Njala itakula, anagulitsa munda kwa mwini golosale, n'kuyamba kulima ganyu m'munda womwewo.

Kenako kunabwera oyendera ochokera ku likulu. Anasonkhanitsa alimi pabwalo la ofesi, dzuwa lili paliwombo, n'kumaitana mayina a amene analandira. Ataitana dzina la mlongo wanga, iye anaimirira pang'onopang'ono.

"Pepani bwana, ine sindinalandire. Foni ndilibe."

"Nanga nambala iyi ndi ya yani? Tiyeni tiyiimbe."

Anaiimba. Foni inalira m'kachikwama ka mwana wanga. Inalira mpaka kuduka, iye ali chiimire. Nambala yomweyo inapezeka pa mayina khumi ndi limodzi.

"Ine sindikudziwapo kanthu," anatero Shasha. "Taonani, dzanja lolembali ndi lake."

Kukhoti mlongo wanga anavala jekete lobwereka. Anapempha woweruza kuti, "Bwana, ndi mwana uyu, mukhululukireni." Woweruza anayankha mofatsa kuti enawo khumi sanakhululuke. Mwana wanga anamupatsa zaka zitatu za kundende. Wapolisi wamkazi anandilola kumugwira dzanja asanakwere galimoto.

Ndikapita kukamuona amalira, amafunsa za amalume. Ndimamuuza zoona: munda sunabwerere, ndipo mkuluyo akulimabe ganyu, msana utapindika.

Ana inu amene mwaphunzira kulemba, mverani. Amene sadziwa kuwerenga akakupatsani dzina lake, wakupatsani moyo wake. Kuba ndi cholembera n'kuba ndithu. Kulapa kungakutsukeni pamaso pa Mulungu, koma sikubweza mvula imene inapita.