Uvuni wa Keziah

Belu la nkhomaliro litalira, anthu anakhamukira kunja kwa fakitale ya nsalu ngati njuchi, ndipo ambiri analunjika pa bekale ya Keziah Clegg. Tsiku limenelo pamzere panali mlendo, mnyamata wamtali, wothimbirira ndi malasha mpaka m'makutu. Hatchi yake anali ataimangirira pakhomo penipeni.

"Achemwali, payi imodzi ya nyama," anatero. "Koma mundipatse ndi dzanja lanu, chifukwa ndikuona kuti kukoma kukuchokera pamenepo."

"Chotsani kaye hatchiyo pakhomo, abambo, ikunditsekera malonda."

"Abambo ndani? Ndine Jabez Holt, wa ngolo ya malasha. Sindinakwatire, mwina mungafune kudziwa."

"Ndakufunsani?"

Dorcas, mnzake wa Keziah amene ankamuthandiza kukanda mtanda, anali kumbuyo kwa mlendoyo. Anagwedeza milomo osatulutsa mawu: "Wakodwa mwali, taona mmene akukuyang'anira!" Keziah anamubwezera chimodzimodzi: "Khala chete, mfiti iwe." Awiriwa anakulira pa makina owombera nsalu, m'phokoso loti ngakhale utakuwa mnzako sangakumve, choncho monga owomba onse a m'tauni yawo ya Blackburn ankawerengana milomo. Jabez, mwana wa kumunda, sanaone kanthu. Anangoluma payi yake n'kumwetulira.

Bekale ija Keziah sanaitole pansi. Analowa m'fakitale ali kamtsikana, n'kutulukamo ndi chifuwa cha fumbi la thonje. Anayamba ndi dengu la buledi pachipata cha fakitale, mvula ndi chisanu zikumuthera pathupi, mpaka anamangitsa uvuni wakewake. Tsopano ankalemba ntchito amayi anzake, ndipo wogulitsa ufa ankamuvulira chipewa. Koma mtima ndi mtima basi, sudziwa za uvuni!

Jabez anayamba kubwera tsiku ndi tsiku, ngakhale njira ya malasha sinkadutsa kumeneko. Lamulungu ankakwera naye kuphiri kumene utsi sunkafika.

"Keziah, duwa langa, tauni yonseyi ndi mwaye wokhawokha. Choyera ndiwe wekha."

"Mawu amenewa wawauza angati?"

"Hatchi yanga yokha, poyeserera."

Keziah anaseka mpaka kutsokomola. Ndi liti pamene munthu anamuseketsapo chonchi? Jabez anamugwira manja, n'kusisita zipsera za moto zimene zinali pa zala zake.

"Ndikulonjeza, wapamtima wanga, manja awa sadzavutikanso okha. Ine ndizidzakoleza uvuni, iwe uzidzalamula. Undilole ndikukwatire."

Anamulola. Akanakana bwanji?

Dorcas yekha ndi amene sanalulutire. M'mawa mwake anamenya mtanda ngati wamulakwira.

"Mwali, chikondi sindikukuletsa. Koma lamulo ukulidziwa. Ukangoti inde kutchalitchi, uvuni uwu, ufa, ngakhale thebulo ili, zonse ndi za mwamuna. Amayi anga anali ndi sitolo ya zipewa. Abambo anaimwera yonse, woweruza n'kuti palibe mlandu."

"Jabez si bambo ako."

"Nawonso ankatchula maluwa."

"Nsanje basi! Iwe anakufunsirapo ndani?"

Mawu amenewo anali oipa, ndipo Keziah anadziwa atangowatulutsa. Sabata yonse anakanda mtanda atafulatirana.

Wansembe analengeza ukwati uja kutchalitchi, n'kulengezanso, kunangotsala kulengeza komaliza. Loweruka masana Keziah anapita kumsika kukagula riboni ya pachipewa chaukwati, mtima uli m'mwamba. Pobwerera anaona Jabez kutsidya kwa msewu, m'nyumba ya mowa, atakhala pawindo ndi bambo wina wonenepa wa kofululira mowa. Anakweza dzanja kuti amubayibitse, koma Jabez sanamuone. Ngolo zinkadutsa ndi chiphokoso, ndipo maso a Keziah anapita okha pa milomo, monga anazolowerera.

"Lipite Lamulungu ili, bwana, kenako ukwati," milomo ya Jabez inatero. "Malo aja ali pafupi ndi chipata cha fakitale. Uvuni tigumula, tiikemo migolo yanu. Amuna akalandira malipiro azingogwera mwa ife."

Bambo uja anali atafulatira, koma ayenera kuti anafunsa kanthu, chifukwa Jabez anaseka.

"Mkaziyo? Abwerere ku makina, si kumene anachokera? Kumukonda ndimamukonda ndithu, koma akakwatiwa alibe mawu."

Riboni ija inagwera m'matope. Keziah anaima chilili, anthu akumugunda uku ndi uku. Mayo! Abwerere ku makina? Ku fumbi limene linamudya chifuwa? Anayesa kudzinamiza kuti waona molakwa, koma wowomba nsalu saphonya milomo. Chimene chinamupweteka koposa chinali chakuti mawu oti "ndimamukonda" anawaonanso bwinobwino.

Madzulo Jabez anafika pa bekale atasamba, akuimba likhweru.

"Jabez, ndikufunse," anatero Keziah. "Tikakwatirana, uvuni uwu udzakhala wa yani?"

"Wako, mtima wanga, mpaka imfa! Bwanji ukufunsa?"

"Palibe chimene ukufuna kundiuza?"

"Chilipo. Lero wakongola kuposa dzulo."

Keziah anayang'ana milomo ija, yomwe ija, ndipo anamva chisoni chimene sanamvepo chibadwire. Akanangovomera, mwina akanamukhululukira. Anamutsanzika bwinobwino n'kutseka chitseko.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza. Wansembe anaimirira nati, "Ndikulengeza komaliza ukwati wa Jabez Holt ndi Keziah Clegg. Ngati alipo wodziwa chifukwa choti awiriwa asakwatirane, anene."

Keziah anaimirira.

"Ndilipo, bambo."

"Mwana wanga, iwe ndiwe mkwatibwi!"

"Ndinali, bambo. Mkwatiyu akufuna malo anga kuti agumule uvuni azigulitsiramo mowa, ine ndibwerere ku makina. Mulengeze ukwati wa iye ndi migoloyo, ine ndidzawaphikira buledi wa paphwando."

Jabez anadzambatuka pampando. "Bodza! Keziah, duwa langa, wakunamiza ndani?"

"Wandiuza ndiwe, dzulo masana, pawindo la nyumba ya mowa."

"Iwe munalibe mmenemo! Tinalipo awiri basi!"

Atangotero anagwira pakamwa, koma mawu anali atatuluka kale. Amayi owomba nsalu amene anadzaza mabenchi akumbuyo anayang'anana, kenako anaphulika ndi phwete m'nyumba ya Mulungu momwemo.

"Mwana wa kumunda iwe!" anakuwa mayi wina wachikulire. "Ukafuna kunyenga wowomba nsalu, uzibisa pakamwa m'chipewa!"

Wansembe anatsokomola n'kutseka buku. Jabez anatuluka osatenga chipewa chake.

Kuseka kunali kwa ena. Keziah atafika kunyumba analira tsiku lonse, mpaka maso anatupa. Ankalirira kuphiri kuja, ankalirira dzanja limene linasisita zipsera zake. Analinso ndi mantha. Mkazi wochititsa mwamuna manyazi pamaso pa mpingo, ndani adzagulenso buledi wake?

Lolemba m'mawa anapeza Dorcas atakoleza kale moto.

"Dorcas, mawu aja ndinakunena aja..."

"Asiye, mwali. Ndi zoona, sanandifunsirepo munthu, n'chifukwa chake ndine wonenepa chonchi. Tenga mtanda uwo."

"Nanga malasha tizigula kwa yani tsopano?"

"Kwa aliyense wopanda mano, wa mkazi wolusa kunyumba."

Keziah anaseka misozi ikutsika. Buledi woyamba asanapse, panja panamveka phokoso la nsapato zamatabwa pamiyala. Dorcas anasuzumira pawindo n'kuitana mnzake. Mzere unali utafika mpaka pachipata cha fakitale, amayi ndi atsikana atafunda mashawelo awo, ena oti sanagulepo pamenepo n'kale lonse. Mtsikana wina anagogoda pagalasi.

"Mayi Clegg, tsegulani! Amayi akuti kuyambira lero tizidya buledi wanu basi!"

Dorcas anayang'ana mnzake. "Ukumukondabe?"

"Eya, ndikumukondabe," anatero Keziah, akupukuta maso ndi epuloni. "Koma izi zipola. Uvuni ukanapita sukanabweranso. Tsegula chitseko, anthu anga ali ndi njala."