Galu wa m'khola la nambala 14

Nkhani iyi sinapekedwe ayi. Jairos ali moyo, amakhala ku Longbridge, kudziko la azungu, ndipo mkazi wake Loyce, namwino uja amaimba kwaya ku Hillfields, angakuuzeni zomwezi. Lipoti la woyendera lilipo ndithu, wokayika akaliwerenge yekha.

Jairos ankatsuka makola pamalo ena osungira agalu osokera ku Tipton, m'mbali mwa ngalande. Chaka chilichonse khonsolo inkatumiza munthu wapadera kudzayendera malowo, ndipo lipoti lake ndilo linkagamula ngati apitirize ntchito kapena atseke. Sabata yoyenderayo ikayandikira, utoto unkapakidwa, mabulangete atsopano ankatuluka m'makatoni. Woyendera akangochoka, mabulangetewo ankabwereramo.

M'khola la nambala 14 munali Major, galu wakuda, wokalamba, wotsimphina ndiponso wachifuwa. Ankaluma aliyense kupatula Jairos, amene ankamuimbira mluzu womwe ankaitanira agalu osaka kwawo ku Dedza, iwiri yaifupi ndi umodzi wautali. Akaumva, galuyo ankabwera mchira ukugwedezeka.

Manijala wa malowo anali Norman, mzungu wokonda kujambulitsa atakumbatira tiagalu. Miyezi inayi yathunthu Major akutsokomola, Norman sanaitane dokotala wa ziweto. Kutatsala masiku atatu kuti woyendera afike, dokotala anabwera, atanyamula jekeseni wogonetseratu. Galu anakakamira pakona, mano ali pamtunda.

"Muitane ndiwe, amakumvera," anatero Norman.

Jairos ankadziwa cholinga chake, asamakane. Koma anaganizira za ntchito, naimba mluzu. Major anabwera n'kutsamiritsa mutu pabondo lake, ndipo anafera pomwepo. Kenaka Norman anamupatsa pepala lonena kuti galuyo watengedwa ndi banja lina ku Coventry, Jairos n'kusayina. Anatsuka kholalo ndi jiki katatu, mtima ukuwira, kukwiyira Norman komanso kudzikwiyira yekha.

Woyendera anafika Lachinayi m'mawa, kukuwaza kamvula ka mu Disembala. Anali mayi wofatsa dzina lake Callista, ndipo m'manja anali ndi kachipangizo kowerengera nambala imene galu aliyense amabayidwa pakhosi. Ankayenda khola ndi khola, agalu akuuwa monga mwa masiku onse, Norman akumwetulira pambuyo pake.

Atafika pa 14, agalu onse anangoti zii. Kunkangomveka madzi akudontha padenga. Fungo la jiki linatha, m'malo mwake kunabwera fungo la galu wonyowa. Mayiyo anagwada, n'kusuzumira m'kati.

"Uyu akutsokomola chonchi, dokotala anamuona liti?"

Jairos anayang'ana. Munalibe kanthu. Simenti yokhayokha.

"Mayi, umo mulibe galu," anatero Norman, kumwetulira kuja kutauma.

"Ndikumuona pakonapo. Akuopa. Amamvera ndani?" Anatembenukira kwa Jairos. "Tamuitaneni, bambo."

Milomo ya Jairos inauma gwa. Anainyambita. Iwiri yaifupi, umodzi wautali.

Zikhadabo zinamveka pasimenti. Miyendo itatu kuponda, wachinayi kukhwekhwereza. Zinayandikira. Chinthu chofunda ndi cholemera chinatsamira pabondo lake. Buluku linanyowa. Mayiyo anayendetsa kachipangizo kaja m'mwamba pang'ono mwa bondolo, ndipo kanalira. Anawerenga nambala, n'kuyang'ana m'mapepala ake.

"Major. Koma apa mwalemba kuti anatengedwa."

Apa Jairos anaphulika. Anaulula zonse, za chifuwa cha miyezi inayi, za jekeseni, za mabulangete a m'makatoni, chala chikuloza pamphuno pa Norman. Mayiyo ankalemba modekha. Atadzutsa mutu kuti aonenso galu uja, sanamuonenso. Kenaka anapita pa khola la 15.

Lipoti linatuluka patatha masabata asanu, ndipo apa ndi pamene pamandipsetsa mtima. Linati malowo ndi aukhondo, ogwira ntchito ndi ansangala, apitirize. Za jekeseni linati palibe umboni, pakuti galuyo woyendera anamuona yekha ali moyo. Cholakwa linapeza chimodzi: wantchito wina anasayina pepala labodza. Fisi anatsala m'khola, wochotsedwa ntchito anali Jairos. Norman akadajambulitsabe ndi tiagalu take. Koma pa tsamba lomaliza pali mzere umene mpaka lero palibe wauyankha, wonena kuti galu wa mu 14 aonedwe ndi dokotala mwamsanga.

Chichokereni ku Tipton, Jairos saimbanso mluzu, ngakhale posamba. Komabe m'mawa uliwonse kapeti ya kumbali yake ya bedi imapezeka yonyowa, ili ndi ubweya wakuda, chonsecho m'nyumbamo saweta ngakhale mphaka. Tsiku lina akuikolopa motukwana, Loyce anatseka chitseko kuti ana asamve.

"Bambo a Nicole, tikauze abusa. Ine ndatopa, mashifiti anga ndikupita osagona."

"Tikawauze chiyani? Ndinasiya kumuitana ine."

Loyce anatsitsa mawu.

"Mumaimba muli m'tulo. Ndipo amabwera."