Oda ya Vainess pa Tebulo 3

Kamakina kosindikiza malisiti ka m'khitchini ya lesitilanti ya Mai Chikoti, pa Namitete, kanayamba misala patatha masabata awiri Vainess, mmodzi wa operekera zakudya pamalopo, ataikidwa m'manda.

Ntchito ya kamakinako inali yosavuta. Woperekera zakudya akalemba oda pafoni, iko kankatulutsa kapepala, ophika n'kuwerenga. Koma tsopano kukamada, minibasi zomaliza za ku Mchinji zikuitanira anthu, mafoni onse a operekera ankangoti pulinta sikupezeka. Kenaka m'khitchinimo munkamveka kulira kwapansipansi ngati nkhululu, kapepala n'kutuluka popanda wokatuma.

"Tebulo 3. Chipisi ndi dzira, popanda tsabola. Woperekera: Vainess."

Oyamba kukaona anali Mai Ursula, ophika pamalopo, omwe analinso mayi ake omubereka Vainess. Mwana wawoyo anapezeka m'mawa wina m'munda wa chimanga kuseri kwa msika, ali ndi bala kumutu, foni yake palibe. Mlandu unangozizira. Mayiwo anawerenga dzinalo. Anamanga kapepalako pansonga ya chitenje, ndiye poti manja awo anazolowera kumvera makinawo, anakazinga chipisi ndi dzira, osathira tsabola, n'kukaika mbale pa tebulo 3, misozi ili chuchuchu.

Apo ndi pamene analakwira.

Mawa lake kapepala kanatulukanso, mkuja lakenso chimodzimodzi. Operekera anayamba kukana kulowa m'khitchini dzuwa likapendeka. Makasitomala ankasuzumira pakhomo n'kubwerera. Ndipo anthu, inu, pakamwa sipawawawa! Kumjigo, kuchigayo, nkhani inali imodzi, yoti Mai Ursula, mayi wa ku Phalombe uja, amene anabwera kuno ndi malemu amuna ake kudzagwira utenanti wa fodya, anapha yekha mwana wake n'kumusandutsa ndondocha kuti azimugwirira ntchito mobisika. Nanga mbale ija ankaikira ndani? Amene ankakokomeza kwambiri anali Simoni, mlongo wake wa Mai Chikoti, yemwe ankabweretsa nkhuku panjinga yamoto madzulo aliwonse.

"Anthu obwera awa, achemwali, mudzawafera," ankatero mokweza kuti am'khitchini amve.

Lachitatu miyala inagwa padenga la kanyumba ka Mai Ursula. Lachinayi Mai Chikoti anawaitanira pambali.

"Amayi, ine ndiye ndatopa. Zikafika Loweruka zisanathe, mundisiyire malo anga."

"Ndipite kuti, bwana? Manda a mwana wanga ali konkuno."

"Zimenezo si za ine."

Lachisanu anafika Isaki, katswiri amene anaika makinawo, kuchokera m'tauni. Anagwedeza nthambo, anasintha pepala, anazimitsa n'kuyatsanso, zonse zili bwinobwino. Kenaka anadina kabatani kwa nthawi yaitali, kamakinako n'kutulutsa mndandanda wa mafoni amene amalumikizana nako.

"Kodi muli ndi mafoni angati operekera?" anafunsa.

"Atatu," anayankha Mai Chikoti.

"Apa alipo anayi. Yachinayi dzina lake ndi Vainess." Anatsitsa mawu. "Palibe mzimu pano, mayi. Oda yake yomaliza inakakamira m'foni mwake. Foniyo ikangoyandikira, imalanda pulinta n'kutumizanso odayo, anzake aja n'kudukako. Komatu pulinta iyi imayendera bulutufu, simva patali. Mapazi khumi basi. Ndiye kuti foniyo imabwera pano madzulo aliwonse, m'thumba la munthu."

Kunja kunali kutayamba kuda, mababu asanayatsidwe, ndipo m'khitchinimo munkangomveka mafuta akuthetheka m'chiwaya. Chapatali kunamveka njinga yamoto. Inayandikira pang'onopang'ono, inakhota kuseri, n'kuzima pafupi ndi zenera. Nkhuku zinakuwa.

Kamakina kaja kanayamba kulira.

Simoni anaima pakhomo lakuseri, nkhuku zili lendelende m'manja onse awiri. Pathumba la malaya ake pankaonekera mutu wa foni. Pakona pake panali pong'aluka, pomata ndi utoto wofiira wa m'zikhadabo. Mai Ursula ankapadziwa pamenepo. Vainess ali moyo, foni yakeyo inagwapo pa simenti ya khitchini yomweyo, ndipo iwo ndi amene anaigwirizira mwana wawo akumata.

"A Simoni," anatero monong'ona, "foni imeneyo munaipeza kuti?"

Nkhuku imodzi inapulumuka m'manja mwake. Simoni anayang'ana mlongo wake. Mai Chikoti anayang'ana foni, anayang'ana kapepala kakulendewera, nkhope yawo n'kuuma gwa.

"Simoni, kasiye nkhuku m'khola uzipita. A Isaki, fufutani dzina limenelo."

"Mayi, koma izi n'zofunika ku…"

"Ndinakuitanirani kudzakonza pulinta, eti? Konzani pulinta."

Isaki anali ndi malesitilanti ena awiri a abale a mayiwo oti aikemo makina. Anaweramitsa mutu n'kudinadina. Sizinatenge ngakhale mphindi imodzi.

Kuyambira tsiku limenelo kamakinako sikanavutenso. Mai Ursula anachotsedwabe ntchito Loweruka lomwelo, ndipo anthu anati mwaona, mfiti yachoka, zinthu zatha. Simoni anayamba kuyenda ndi foni yatsopano.

Mai Ursula anatsala ndi timapepala khumi ndi kamodzi, tili ndi dzina la mwana wawo, tsiku ndi nthawi, tonse tosindikizidwa iye ali kale m'manda. Anatisunga m'buku la nyimbo, pansi pa malata otentha a mwezi wa Okutobala. Kupolisi kumene anakadandaula anauzidwa kuti abwere ndi katswiri uja adzafotokoze. Foni ya Isaki inkangoitana osayankhidwa. Anapitanso, anauzidwa kuti abwana achoka.

Ulendo wachitatu anawapeza abwanawo, ndipo anawalandira bwino, n'kuwapatsa mpando. Mai Ursula anatsegula buku lija. Palibe amene anawauzapo kuti zolembedwa palisiti zimafufutika zokha ndi kutentha. Anayala timapepala tonse khumi ndi kamodzi patebulo, anatitembenuza uku ndi uku, anatiyang'anitsa kuwala kwa pazenera.

Tonse tinali toyera mbee.

"Ndiye amayi," anafunsa abwanawo mwaulemu, "mumati mutionetsa chiyani?"