Gauni ya Tuntufye Anavala Wina

Mvula ndi imene inawakumanitsa. Tuntufye anali atabisala pakhonde la sitolo pafupi ndi depoti ya m'tauni, atakumbatira chikwama cha laputopu ngati mwana, pamene mnyamata wovala tayi anamufunditsa ambulera.

"Ndimakuonani m'kalasi, koma ndimachita mantha kukupatsani moni. Ndine Zikhale."

Koma ndiye pakamwa pa Zikhale panali potsekemera! Pasanathe mwezi, foni ya Tuntufye inali isakupuma.

"Wadzuka bwanji, duwa langa? Ndili muofesi kuno ku City Centre, koma mtima ndausiya kwa iwe."

Onse awiri anali m'chaka chomaliza pa yunivesite. Mayeso anali atakhoza, chotsala chinali kafukufuku. Ndipo lamulo lake linali losanyengerera: wopanda kafukufuku wakewake, digiri aiwale.

Tuntufye anasankha kufufuza za amayi ogulitsa kaunjika ku Msika wa Tsoka. Miyezi yathunthu ankakhala nawo pamabelo, dzuwa likuswa mtengo, akujambula mawu awo pafoni. Amayiwo anamukonda zedi, makamaka Mayi Efelo, mkulu wawo.

"Mwana wathu, tsiku lovala gauni udzafike kuno," ankatero mayiwo. "Tigula chitenje chofanana, tidzakuvinire mpaka fumbi kobo!"

Zikhale uko anali asanalembe ngakhale mzere.

"Ntchito yandipanikiza, bebi. Tandibwereka fulashi yako, ndingoonako momwe wasanjira mitu."

Akanamukaniza bwanji munthu womutcha duwa? Anamupatsa.

Tuntufye atapereka kafukufuku wake, aphunzitsi anawaitana onse awiri kuti akaonekere ku komiti. Ntchito zawo zinali zofanana mawu ndi mawu, ndipo ya Zikhale ndi imene inafika koyamba.

Tsiku la komiti lisanafike, awiriwo anakumana pansi pa mtengo kuseri kwa ofesi ya Zikhale. Mwamunayo anagwada, tayi ikukhudza dothi.

"Ndinalakwa, mtima wanga. Koma akandigwira ine, ntchito yatha, chifukwa ondilemba ntchito ndi amene ananditumiza kusukulu. Iwe ungobwereza chaka. Ukanene kuti unakopera kwa ine, ndipo mawu ali mufoniwo uwafufute."

"Thukuta langa lonse lija, Zikhale?"

"Digiri yanga ndi yakonso! Ndikangovula gauni, amalume anga akukwera basi kupita kwanu ku Karonga. Ndikulumbira."

Tuntufye analira, analira, kenako anafufuta. Mawu a Mayi Efelo ndi anzawo onse anapita ndi chala chimodzi.

Ku komiti, mphunzitsi amene ankamuyang'anira anavula magalasi.

"Tuntufye, ndimakudziwa ine. Ukunena zoona?"

"Eya, ndinakopera."

Dzina lake analichotsa pa omaliza maphunziro. Amalume ake a ku Area 12, amene ankamusunga, anasiya kumuyankha moni. Ku msika sanapondekonso. Akanawauza chiyani amayi aja?

Tsiku lolandira madigiri, uthenga unalowa mmawa: "Usabwere, duwa langa, ungamve chisoni. Tidzasangalala awiriwiri."

Koma mtima ngwovuta, abale! Tuntufye anatchena, anagula maluwa, ulendo ku holo ya ku City Centre.

Panja pa holo panali chinamtindi cha anthu, nthungululu, ojambula zithunzi. Anamuona Zikhale ali mugauni, akuwala. Asanafike pafupi, kamtsikana kanathamanga n'kumukumbatira miyendo.

"Adadi, ndivekeni chipewa chanucho!"

Pambuyo pake panabwera mayi woyembekezera, mphete ili ng'aning'ani pachala. Anamukonza Zikhale kolala ngati munthu wozolowera.

Tuntufye anauma. Zikhale anamuona, koma nkhope yake sinasinthe n'komwe.

"Amayi a Triza," anatero kwa mkazi wakeyo, "uyu ndi mtsikana ndinkakuuza uja. Amene anandibera kafukufuku."

Mayiyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kenako anaona maluwa aja n'kumwetulira mwachifundo.

"Mwabwera kudzapepesa? Mwachita bwino, achemwali. Ife tinakukhululukirani kale."

Analandira maluwawo ndi manja awiri.

Tuntufye sanakumbuke momwe anakwerera minibasi, kapena momwe anatsikira m'tauni. Mtima unkapweteka koopsa. Miyendo inangomutengera kumene inazolowera, ku Msika wa Tsoka.

Mayi ine! Amayi aja sanaiwale tsikulo. Anali atavala chitenje chofanana, chachikasu, mipango ili kumutu. Atangomuona, anasiya makasitomala ali chiimire, nthungululu zinabuka msika wonse.

"Wabwera mwana wathu! Wabwera wa digiri!"

Mayi Efelo anafika akuvina, anavula mpango n'kuyamba kumukupiza nawo. Kenako anaona misozi, mwendo unaima.

"Nanga gauni ili kuti, mwana wathu?"

Tuntufye anagwera pachifuwa pawo.

"Wavala wina, amayi. Ndinamuveka ndekha."